Nkhadze pa tsaya la mwana, papaya pa phazi la abambo

Sabata ino ku wodi silver sulfadiazine, mankhwala opaka pa zilonda za moto, kulibe, goozi womangira zilonda tikuchita kudula pakati, saline, madzi a mchere otsukira zilonda, ndiye tikuyeza ngati mafuta ophikira kumapeto kwa mwezi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, ana opsa ndi phala poti June uno aliyense ali pa mbaula, kutsuka zilonda, kumanga, basi.

Lachitatu ndiye kunabwera kamtsikana ka zaka ngati 7, tsaya lonse matuza, diso lotupa osatseguka, kakulira mpaka mawu kutha. Anali ndi njerewere pa tsaya ndiye agogo ake anathyola nkhadze ya pampanda nkudonthezera utomoni, mwana atamva kuwawa anapukuta ndi dzanja nkudzigwira m'maso. Mukudziwa utomoni wa nkhadze suseweretsa, uli ndi makemikolo otchedwa ma diterpene ester amene amadzutsa puloteni ina yotchedwa protein kinase C m'maselo a khungu, maselo aja nkuyamba kuitana chitetezo cha thupi ngati kwalowa mdani, kufiira, kutupa, matuza, ndipo m'diso umatha kuwononga cornea, kagalasi kakutsogolo kwa diso kaja. Diso lotere limafuna kutsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Saline wathu anatha tisanafike pena paliponse, tinamalizira madzi owiritsa ozizitsa m'ketulo ya ku duty room.

Mnzanga wina anayamba kuwakalipira agogo aja, iwo amangoti "asista pepani, ife timachita choncho kuyambira kale, njerewere zimathothoka". Ine kukamwa kunandiuma chifukwa bedi lachitatu kuchokera pamenepo pali abambo a shuga omwe chilonda chawo cha kuphazi tikuchimanga ndi papaya wogula tokha pamsika. Ndipo akugwira ntchito, ndisaname. Papain, mankhwala achilengedwe opezeka mu papaya, amasungunula mnofu wakufa uja wachikasu, pofika Lachinayi pansi panayamba kuoneka pofiira bwino, fungo kuchepa. Koma papain yemweyo ku America a FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala, analetsa mu 2008 mankhwala opaka ake osavomerezeka chifukwa ena amawenga nawo koopsa, ife pano tikupaka osadziwa kuti mu papaya wa lero muli wochuluka bwanji, kungoyang'ana chilonda m'mawa nkuthokoza Mulungu.

Chandikwiyitsa nchakuti pa miting'i Lachinayi bwana wina anatiyamikira kuti ndife anzeru pogwiritsa ntchito zomera zathu. Anzeru chani? Papayayo sitinamusankhe titayerekeza ndi china, tinamusankha chifukwa ku famase shelefu ili mbee, oda inapita mwezi watha mpaka lero zii. Ngati akufunadi zomera atipatse protocol, ndondomeko yake yolembedwa, muyezo wake, ndi munthu woti azitsata ma reaction, odwala akawenga nazo.

Lachisanu diso la mwana linatseguka pang'ono koma akuti akuona chifunga, tamutumiza kwa a maso ku central. Ambulansi inalibe mafuta, agogo anakabwereka ya minibasi kwa achibale.