Lipoti la ulendo wathu wa ku Durban, kumsika wa mafilimu

Mamembala anzanga, nali lipoti la ulendo umene munatituma mwezi wa July, ku chikondwerero cha mafilimu cha Durban International Film Festival ndi ku msika wa Durban FilmMart. Inu amene munasonkha ya basi muyenera kumva zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Za panjira ndidutsapo msanga, poti msewu wa ku Joni ambiri mumaudziwa. Tinakwera basi ku Blantyre, kutulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako kudikira pa Beitbridge mpaka miyendo kutupa. Pa Park Station ku Joni tinasintha basi n'kutsetsereka ndi msewu wa N3. Ku Durban tinafikira kwa achimwene ake a mnzathu wina, telala, amene anatiyalira pabalaza osafuna ngakhale tambala. Ndalama ya malo ogona inapulumuka motero.

Chikondwererochi n'chakale, chinayamba mu 1979 ndipo chimayendetsedwa ndi Centre for Creative Arts ya pa University of KwaZulu-Natal. Kumeneko amaonetsa mafilimu otha kale. Msika wa FilmMart unabwera mu 2010, ndipo malonda ake ndi mafilimu amene sanajambulidwe n'komwe. Ife tinanyamula maflash odzaza ndi ntchito zathu, koma anthu amene anali ndi ndalama pamalopo ankafunsa mapepala.

Zimayenda chonchi. Miyezi ingapo msika usanafike, opanga mafilimu a mu Africa amatumiza nkhani zawo, ndipo zochepa zokha ndi zimene zimasankhidwa. Osankhidwawo amayamba aphunzitsidwa kafotokozedwe, kenako dayilekita ndi producer wake amaima pamaso pa oimira matumba a ndalama, mawayilesi a kanema ndi ogulitsa mafilimu kunja, n'kupanga pitch, kutanthauza kufotokoza filimu yawo mokopa, kwa mphindi zowerengeka. Akatsika pamenepo amayamba misonkhano ya awiriawiri. Ife tinali oonerera chabe, koma mafunso amene ankafunsidwa tinawalemba. Nkhaniyi mwini wake ndani, ndipo pepala losonyeza zimenezo lili kuti? Bajeti yonse ndi zingati, ndipo zimene mwapeza kale ndi zingati? Filimuyi idzaonedwa ndi ndani? N'chifukwa chiyani iyenera kupangidwa ndi inuyo osati wina? Za mtundu wa kamera, zimene timatha nazo maola pamisonkhano yathu, sindinamve wina akufunsa.

Matumba amene ankatchulidwa kawirikawiri ndi awa, ndipo Mmalawi ali ndi mwayi wopemphako. Hubert Bals Fund ya chikondwerero cha ku Rotterdam imathandiza opanga mafilimu a m'mayiko ngati lathuli, ndipo gawo lake lina limapereka mpaka mayuro 10,000 kuti munthu alembe ndi kukonza script basi, kujambula kusanayambe. Chiwerengerochi chitatchulidwa, mnzathu amene ndinakhala naye pafupi anandigwira mkono, akuti iye ndi ndalama imeneyo angamalize mafilimu awiri n'kutsala ndi ya phwando. Mwina n'zoona. Komatu iwo akugula nthawi yoti wolemba akhale pansi, abwereze nkhani yake mpaka ipse, chinthu chimene ife timachiona ngati kutaya masiku. Kwa opanga madokyumentale kuli IDFA Bertha Fund ya ku Amsterdam ndi Hot Docs-Blue Ice ya ku Toronto, imene ndi ya mafilimu a mu Africa. Palinso World Cinema Fund ya chikondwerero cha ku Berlin, yomwe inayamba mu 2004. Palibe thumba limodzi limene limalipira filimu yonse. Producer amatolera apa pang'ono, apo pang'ono, ndipo woyamba kupereka ndi amene amalimbitsa mtima enawo.

Apa mpamene ndinaona kuti vuto lathu lalikulu ndi producer. Kwathu munthu mmodzi amalemba, kujambula, kusewera, kuphikitsa nsima ya ochita sewero, n'kudzadzitchanso producer pamapeto a filimu. Kumeneko producer ndi munthu wa kampani yolembetsedwa, wa akaunti ya kubanki, wodziwa kulemba mgwirizano ndi wosewera aliyense ndiponso ndi mwini nyimbo iliyonse yomwe yamveka mufilimu. Za nyimbozi tichenjere. Kuthira nyimbo ya woimba wotchuka chifukwa ndi mnzathu wa pa WhatsApp, popanda chosainirana, n'kokwanira kuti wogula wakunja abweze filimu yonse.

China chimene chinatiwawa ndi cha YouTube. Zikondwerero zikuluzikulu zimafuna kuti filimu ikaonekere koyamba kwa iwo, ndipo yaitali imene ili kale pa intaneti ambiri sailandira. Ife timamaliza editing Lachinayi, Lachisanu ili kale pa YouTube. Nkhaniyi inatigawa pobwerera. Ena ankati anthu athu amaonera pafoni ndi m'mavidiyo sho, ndiye kusunga filimu chaka chathunthu podikira azungu n'kupusa. Ena ankati ya mavidiyo sho siingabweze ngakhale mafuta a jenereta. Ine maganizo anga ndi akuti tisankhiretu tisanajambule: filimu iyi ndi ya pafoni, iyo ndi ya zikondwerero, ndipo yachiwiriyo tiigwire mtima. Kuti filimu ya kwathu ingapikisane kunja sitikukayika, pajatu Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018 anabweretsa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards (AMVCA) za filimu yopambana kuno kummwera kwa Africa.

Anzathu a ku South Africa ali ndi poyambira pakhomo pawo. Boma lawo lili ndi National Film and Video Foundation, imene imapereka ndalama zolembera, zojambulira ngakhale zoyendera ku zikondwerero, choncho akamafika pamaso pa akunja amakhala ndi kenakake m'manja. Nawonso amadandaula kuti ndalama zimachedwa, koma ife tinkangowamvetsera mwansanje.

Achinyamata athu ayesere Talents Durban, maphunziro a opanga mafilimu ongoyamba kumene amene amachitika mogwirizana ndi Berlinale Talents ya chikondwerero cha ku Berlin. Kufunsira kwake n'kwa pa intaneti, ndipo kafilimu kakafupi kabwino kangathe kukulowetsani.

Tinagwirizana kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa aliyense amene ali ndi nkhani abwere nayo pa tsamba limodzi, pamodzi ndi bajeti yake, adzaime kutsogolo tidzamufunse mafunso omwe aja. Tidzasankhe ziwiri zoti gulu lizikankhe chaka chamawa. A msungichuma, malisiti a basi ali kwa ine, ndidzabwera nawo tsiku lomwelo.