Amalume, pepala lija ndi ili

Ndafika kumudzi kuno ku Santhe dzulo usiku, miyendo idakali yotupa ndi ulendo, koma tulo sitibwera ndisanalembe izi. Zatheka abale. Digiri ya uphunzitsi ndabwera nayo, ndipo amayi ayitsekera kale m'sutikesi mwawo, ati kuopa chiswe.

Ambiri mukudziwa mmene zinthu zinalili bambo atatisiya, sindibwereza. Kalata yondiitana ku University of Livingstonia itafika, m'nyumba munalibe ngakhale ya basi yokafikira pa Jenda. Amalume anga, munthu woti sukulu anasiyira sitandade 5, anangoitenga kalatayo, kuitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mphwanga apita." Chaka chimenecho ndalama yonse ya mabelo awo a ku Chinkhoma inathera pa ine. Malata omwe ankafuna kufolera nyumba yawo sanagulidwe, mpaka lero ndi yaudzu.

Anandiperekeza okha. Mzuzu, Chiweta, kenako pa Chitimba tinakwera galimoto ya matola n'kuyamba msewu wa Gorodi. Amene simunaukwerepo musandifunse. Makona ake ndi akuthwa, uku phiri uku phedi, nyanja ikucheperachepera pansi. Amalume anagwira chitsulo cha galimoto ndi manja onse awiri, maso ali chitsinzinire, akuimba nyimbo ya ku tchalitchi chapansipansi. Ife a ku Kasungu tinazolowera dziko la see, chulu timachitcha phiri. Titafika pamwamba anati, "Ukalephera mayeso kuno usabwerenso, ine msewu uwu sindiukweranso kukakutenga." Tinaseka, koma ndinamva.

Ku Khondowe, pamwamba pa phiri pomwe pali yunivesiteyi, sukulu ndi yaing'ono, aliyense amadziwa aliyense, ukajomba m'kalasi mphunzitsi akufunsa pamsika. Mwezi wa June kumazizira moti madzi osamba umayamba wakambirana nawo, chifunga chimaphimba mpaka nsanja ya tchalitchi. Ndinaphunzira kudya kondowole ndi usipa wochokera kunyanja, ndinaphunzira kunena monire ndi yewo, ndipo mutu ukatentha ndi mabuku tinkayenda wapansi kukaona mathithi a Manchewe. Amayi amene ndinkachita lendi kwawo, inu amama, miyezi itatu simunandifunse ya nyumba. Yewo chomene, Chiuta wamutumbikani.

Koma ndibwerere kwa amalume. Mu March 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid ndinabwerera kumudzi, ndipo mtima wobwerera unandichoka. Kenako ndinakhalanso teremu yathunthu pakhomo, fizi itavuta. Ndinkathandiza kusoka fodya m'chigafa ndikulira mobisa. Tsiku lina ndinawafotokozera zomwe tinkaphunzira ku Stone House, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Khondowe, kuti m'mishonale Dr Robert Laws ndi anzake anayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881, mpaka anakwera phiri lija mu 1894, ndi kuti yunivesite yomwe iwo ankaifuna inadzatsegulidwa mu 2003, eni ake atafa kalekale. Amalume anawerengera pa zala n'kuti, "Anthu anadikira zaka zoposa 100, iwe teremu imodzi yakuliza?" Sabata yotsatira ng'ombe yawo imodzi ya pangolo inapita. Sanandiuze. Ndinangoona goli lili pansi pa mtengo wa mango, ngolo itaima, chimanga akututa pa njinga.

Kwacha itagwa mu November 2023, ya basi yokha inkandiopsa kuitchula pa foni. Iwo ankangoti, "Ona pa foni yako mawa." Kumene ankazitenga sindikudziwa, ndipo ndikawafunsa amasintha nkhani.

Ambuye Mulungu, Inu amene mumaona zobisika, musawaiwale bambo amenewa. Muwapatse masiku oti adye nawo za thukuta lawo.

Amayi anga, zikomo chifukwa cha chiponde ndi ufa wa mgaiwa womwe unkakwera nane Gorodi teremu iliyonse. Amvano a pa mpingo wathu, ndalama yanu ija inagula nsapato zomwe ndinavala pokaphunzitsa koyeserera. Anzanga a m'kalasi amene tinkagawana kandulo ndi sopo, mukudzidziwa.

Ndipo inu amene munkati mwana wamkazi sukulu yake imathera ku sikelo, inunso amene foni yanu inkasowa netiweki ikangoona nambala yanga, moni wanu wa dzulo ndaulandira. Sindinasunge kanthu, kungoti sindinaiwale.

M'mawa uno ndinakawapatsa amalume pepala lija m'manja. Anayamba apukuta manja pa malaya, kulitembenuza uku ndi uku ngati kalata ija, kenako anafunsa kuti dzina langa lili pati. Nditawalozera anakhala chete nthawi yaitali, n'kudzuka kupita kudimba osanena kanthu. Amalume, ntchito sindinaipeze, koma ikangopezeka malipiro oyamba ndi a ng'ombe ija. Malata abwera pambuyo, musakane.