Vortex yanga ya mawaya, sabata yachisanu ndi chimodzi

Dzulo usiku kampira kachitsulo kadutsa malupu onse awiri osagwa. Ndakaponya kakhumi, kadutsa kasanu ndi katatu. Pa ntchito yonseyi, apa ndi pamene ndavutikira kwambiri, choncho lero ndilembapo zambiri.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira: ndikuumba kachifanizo ka Vortex, roller coaster yachitsulo (sitima yachisangalalo yothamanga pa njanji zokwera, zotsika ndi zozondoka) imene inali ku paki ya Kings Island, ku Mason m'chigawo cha Ohio ku America. Inatsegulidwa pa 11 April 1987, yopangidwa ndi kampani ya Arrow Dynamics, ndipo inali yoyamba padziko lonse kuzondotsa okwera kasanu ndi kamodzi pa ulendo umodzi. Kutalika kwake kunali mamita 45, njanji yake mamita pafupifupi 1,160, liwiro makilomita 89 pa ola. Ine ndachepetsa zonse ka 100, ndiye nsonga yake ikufika masentimita 45 kuchoka pa thabwa. Waya ndi yemwe uja tinkapindira magalimoto tili ana, pulayala ndi ya malemu agogo.

Vuto linali lupu. Poyamba ndinakulunga waya pa chitini cha penti, n'kutuluka wozungulira bwinobwino ngati mkombero wa njinga. M'maso anakongola. Koma kampira kakafika pamwamba kankangosiya njanji, thi! pa thabwa. Nditakweza poyambira kuti kabwere ndi liwiro, kankamenya pansi pa lupu mwamphamvu mpaka waya kunjenjemera, mawaya awiri a njanji n'kutanuka. Masiku anayi ndinkangomanga ndi kumasula.

Kenako ndinakhala pansi n'kuyang'anitsitsa zithunzi za Vortex yeniyeni. Malupu ake si ozungulira ayi. Ali ngati dontho la madzi lozondoka, okhota pang'onopang'ono m'munsi, mothina pamwamba. Chifukwa chake n'chomveka: m'munsi sitima imakhala pa liwiro lalikulu, ndiye ikakhota mwadzidzidzi thupi la munthu limapsinjika koopsa, pamwamba liwiro latsika, ndiye pamafunika kona yothina kuti sitima ikanirire ku njanji. Nzeru imeneyi anaiyambitsa pa Revolution, roller coaster ya ku paki ya Magic Mountain, mu 1976 ndi Werner Stengel ndi Anton Schwarzkopf. Ndinkaidziwa powerenga, koma dzulo ndi pamene ndaimva m'zala. Ndinataya chitini, ndinajambula dontholo pa katoni, n'kukhoma timisomali 14 motsatira mzere, n'kupinda waya pang'onopang'ono mozungulira timisomalito.

Chimene chandikhudza n'chakuti pamene kampira kanga kakugwedezeka kwambiri ndi polumikizira, pamene njanji yowongoka ikulowa m'kona. Anthu amene anakwerapo Vortex m'zaka zake zomaliza ankadandaula zomwezo, kuti mutu unkagunda ku zomangira za m'mapewa. Arrow inkalumikiza zigawo zowongoka ndi zokhota mosasalaza kwenikweni, nthawi imeneyo makompyuta asanafike pamene alipa. Ena amainyoza nazo. Ine sindingathe. Ron Toomer, amene anajambula Vortex, ankavutika ndi nseru ya paulendo, ndipo makina ake omwe sankawakwera kawirikawiri, koma anamanga chinthu chimene chinanyamula anthu kwa zaka zoposa 32. Ndikagwira waya n'kuona mmene kona imodzi ikundivutira, ndimamupatsa ulemu bamboyu.

Mbiri yake ili ndi kena kamene ndikufuna kaoneke pa kachifanizoka. Nyumba yokwerera sinali yatsopano. Inali ya The Bat, sitima yolendewera kunsi kwa njanji imene Arrow yomweyo inamanga mu 1981, koma inkangowonongekawonongeka mpaka anaitseka mu 1983. Vortex inalowa m'nyumba ya mnzake. Ndiye yanga ndiipanga ndi timatabwa ta bokosi la tomato, ioneke yachikale kuposa njanji.

Ulemu wozondotsa okwera kochuluka kuposa zonse sunakhalitse: chaka chotsatira, mu 1988, Shockwave ya ku paki ya Six Flags Great America inabwera yozondotsa kasanu ndi kawiri. Vortex inapitirirabe mpaka pa 27 October 2019, pamene pakiyo inati yakalamba, ndipo anaigumula. Tizidutswa ta njanji yake anagulitsa kwa okonda zinthuzi.

Zatsala ndi makona awiri opotana aja a corkscrew, kenako batwing, imene imazondotsa kawiri n'kubweza sitima kumene yachokera. Batwing ikundiopsa, chifukwa pofika pamenepo kampira kadzakhala katatha mphamvu. Mwina ndidzafunika kukweza poyambira ndi masentimita angapo, ngakhale zisiyane pang'ono ndi muyeso. Waya watsala mamita anayi okha, Loweruka ndipita kumsika. Penti ndagula kale: buluu wa mizati, olenji wa njanji.