Zikomo amakaniko a pa Mangochi Boma

Tikuthokoza amakaniko a pagalaja ina pa Mangochi Boma chifukwa cha ntchito imene anagwira pa galimoto yomwe inkagogoda kumbuyo ikagunda mabampu a msewu wa ku Makanjira, matayala akumbuyo akudyeka mbali yamkati. Ambiri akanathamangira kusintha mashoko, koma inu abambo munayamba mwafufuza.

Munaikweza ndi jeke, n'kuikhazika pa zitsulo zochirikiza, kenako munagwedeza tayala mutaligwira pamwamba ndi pansi, ndiponso m'mbali. Mutapana mkono wa sasipenshoni (umene umagwirizira tayala ku galimoto) ndi chitsulo, zinaoneka: labala ya mabushi, timphete tokhala molumikizira mkonowo, inali itang'ambika, ndipo chivindikiro cha ball joint, cholumikizira mkonowo ku tayala, chinali chitabooka, girizi atatuluka, mchenga utalowa. Mchenga wa kunyanja kuno umapera chitsulo msanga.

Munasintha mbali zonse ziwiri, popeza inzakeyo inali itayambanso kutha, ndipo mabushi atsopano munawalowetsa ndi makina opanira osati hamala. Chatisangalatsa kwambiri n'chakuti mabawuti munawamanga komaliza galimoto itatsika pansi, kuti labala isakhale yopotoka n'kung'ambikanso. Pomaliza munaitumiza kukawongola matayala. Zikomo kwambiri, abambo athu, pamodzi ndi anyamata amene mukuwaphunzitsa ntchitoyi.