Chaka chatha m'nyumba yopanda masitepe: zikomo nonse

Lero takwanitsa chaka chathunthu chilowereni m'nyumba yathu yosasanja. M'mawa uno amayi adzuka okha, ayenda ndi ndodo yawo mpaka kubafa, kenako atuluka kukakhala pakhonde popanda wowagwira dzanja. Ndimadikira tsiku ngati ili kuti ndilembe mawuwa, chifukwa anthu amene anatigwira mkono pa nthawi yovuta ija ndi ambiri, ndipo ena mwa inu sindinakuthokozeni mokwanira ngakhale kamodzi.

Amene mwatidziwa posachedwa mwina simudziwa kumene tachokera. Tinkakhala m'nyumba yosanja, zipinda zogona ndi bafa zonse zili pamwamba, masitepe 14. Tinkaikonda nyumba ija. Kumwambako kunkapita mphepo yabwino, ukasuzumira pazenera unkaona kutali, ndipo alendo akabwera ana ankangokwera n'kukachita zawo. Usiku wina amayi, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 72, akutsika kukatenga madzi akumwa, anaphonya sitepe yachitatu kuchokera pansi. Fupa linathyoka pamene ntchafu imalumikizana ndi chiuno. Kulira kwawo usiku umenewo sindidzakuiwala.

Kwa adokotala amene anawachita opaleshoni, zikomo. Munatikhazika pansi n'kutifotokozera zimene ife sitinkaziganizira, kuti mafupa a munthu wamkazi amayamba kuchepa mphamvu akasiya kusamba, moti kugwa kumene mwana angadzuke n'kumaseka kukhoza kumugoneka munthu wamkulu miyezi yambiri. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Pa ngozi zonse zimene zimapha anthu, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Ine ndinkaopa galimoto, masitepe a m'nyumba mwanga momwe ndinkangowasesa tsiku ndi tsiku osawaganizira kanthu.

Opaleshoni inayenda bwino. Chimene chinatipweteka kwambiri ndi miyezi 8 yotsatira. Amayi sakanatha kukwera, choncho tinatsitsa bedi n'kuliika pabalaza. Ankasamba m'beseni kuseri kwa nsalu imene tinaimangirira pa chingwe, chimbudzi chawo chinali chidebe chovundikira, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankayamba waona kaye pamene akugona. Munthu amene analera ana 5, amene moyo wake wonse sankafuna kuti wina amuchapire ngakhale mpango, anayamba kudya pang'ono dala kuti asavutitse anthu usiku. Tsiku lina ndikuwapukuta msana anati, “Mwananga, ndasanduka katundu m'nyumba muno.” Mawu amenewo ndi amene anatisamutsa. Fupa linali likupola, koma mtima wawo unkanka nufooka.

Kwa inu mayi wa fiziyo amene munkabwera kawiri pa sabata, sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Munabwera kudzaphunzitsa amayi kuyenda, koma munatiphunzitsanso ife kuiona nyumba ndi maso a munthu amene mwendo wake sukumumvera. Ndinu amene munatulutsa tepi yoyezera n'kutionetsa kuti khomo lofunika kudutsa njinga ya olumala momasuka lizikhala la masentimita pafupifupi 90, ndiponso kuti njingayo imafuna malo okwana masentimita 150 kuti itembenuke. Munatiuzanso za kanjira kotsetsereka ka pakhomo, kuti pa sentimita iliyonse imene mukukwera pazikhala masentimita 12 a kutalika, moti kachiunda ka masentimita 15 okha kamafuna kanjira ka masentimita 180. Tikanapanda kumva zimenezi tikanamanga nyumba yosasanja yokhala ndi masitepe atatu pakhonde, bafa lolowera chodumpha ndi matailosi oterera, n'kumati tathana ndi vuto. Zitsulo zogwirira zimene munatiuza kuti tikhome pambali pa chimbudzi ndi m'bafa ndi zimene amayi amadalira kuposa ndodo.

Kwa bambo amene munatijambulira pulani, ndikukuthokozani makamaka chifukwa simunatinyengerere. Tsiku loyamba lomwe munatenga pepala n'kutiwerengera. Munati nyumba ya masikweya mita 120 ikakhala yosanja kawiri, maziko ndi denga zimangofunika za masikweya mita 60, koma ikakhala yapansi zonsezo zimakhala 120. Simenti ya maziko imawirikiza, malata ndi matabwa a denga zimawirikiza, ndipo zigawo ziwiri zimenezi ndi zimene zimadya ndalama zambiri pa nyumba. Munawonjeza kuti malo amene masitepe akanatenga timawapulumutsa, komanso sitilipira silabu yolemera ya pakati ndi zitsulo zake, koma munanenetsa kuti puloti lidzachepa. Zinalidi choncho. Dimba limene ndinkalota lasanduka kamzere ka maluwa m'mbali mwa mpanda, ndipo ana alibe bwalo lothamangapo ngati kale. Zimandiwawabe ndikaganiza, koma ndinalowa ndikudziwa, ndipo kudziwa kumeneko munandipatsa ndinu.

Munatiletsanso kumanga nyumba yofanana mbali zonse ngati bokosi. Munati nyumba yapansi ikakula, pakati pake pamatalikirana ndi mazenera, pamachita mdima ndipo mpweya sudutsa. N'chifukwa chake yathuyi ndi yopindika ngati chilembo cha L, chipinda chilichonse chili ndi khoma loyang'ana panja. Kolido ndi yaitali ndithu, ndipo kumapeto kwake timayatsabe getsi masana, koma zipinda zonse zimawala.

Popeza ambiri mwakhala mukundifunsa ngati mungachite zomwe tachita ifezi, ndinene zimene zatisowetsa mtendere chaka chino, kuti ndisakhale ngati ndikukugulitsani nyumba. Choyamba ndi kutentha. M'nyumba yosanja zipinda zapansi zimatetezedwa ndi za pamwamba, koma muno chipinda chilichonse chili pansi pa denga penipeni. Miyezi yotentha yoyamba tinavutika mpaka amisiri anabweranso kudzayala zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i n'kuboola potulukira mpweya. Amisiri inu zikomo, chifukwa munakwera m'denga dzuwa likuswa mtengo ndipo simunadandaule.

Chachiwiri ndi mantha a usiku. Zenera lililonse munthu akhoza kulifikira ataima panja, ngakhale la kuchipinda chogona. Kale ndinkagona zenera lili pululu, pano ndimayamba ndayendera nyumba yonse. Tinaika zitsulo, koma apa m'bale wanga wina anatichenjeza bwino kuti zitsulo zotchinga akuba zimatchinganso mwini nyumba moto ukabuka. Ubwino waukulu wa nyumba yapansi ndi woti pa ngozi ya moto munthu amatulukira paliponse, pamene m'nyumba yosanja utsi umakwera ndi masitepe omwewo amene iwe ukufuna kutsikira. Tikanamata zitsulo zosatsegula tikanautaya ubwino umenewo. Choncho m'chipinda chilichonse chogona muli zenera limodzi la zitsulo zotsegukira m'kati. Achimwene, mawu anu aja anali a mtengo wapatali.

Phokoso nalo lilipo. Wina akamaonera TV pabalaza, wina akamatsuka mbale, nyumba yonse imamva. Mwana wanga wamkulu, amene akukonzekera mayeso, ndiye waluza kwambiri, chifukwa kale anali ndi kwake kumwamba kumene palibe ankafikako. Odutsa m'njira amaona m'nyumba makatani akakhala otsegula. Udzudzu nawo umauluka chapansipansi, ndiye tinachita kuika maukonde m'mazenera onse. Ndipo mvula yamphamvu itagwa, ndinazindikira kuti madzi atalowa tilibe kokwezera katundu kapena kothawira. Aneba athu atsopano, inu amene munatuluka ndi makasu usiku ule n'kutithandiza kutsegula ngalande tisanadziwane n'komwe mayina, Mulungu akudalitseni. Amene mukufuna kumanga nyumba yapansi, kaoneni malowo mvula ikugwa musanakumbe maziko.

Koma ndikaika zonsezi mbali imodzi, mbali inayo n'kuikako amayi akuyenda okha m'nyumba yawo, mtima wanga sugawanika. Palibe chipinda chimene sangafikeko. Amalowa kukhitchini n'kundidzudzula kuti ndachulutsa madzi mumphika, amapita kukadzutsa adzukulu, amatsegulira alendo chitseko. Phokoso lomwe ndadandaula lija ndi limene limandigonetsa tulo, chifukwa akatsokomola usiku ndimamva, ndipo ndikafuna kuwafikira ndi mapazi ochepa chabe pamalo osalala. Mwana wa mng'ono wanga wayamba kukwawa chaka chomwe chino, ndipo akabwera timangomusiya pansi, palibe woti azimulondera kuopa masitepe. Kukolopa sikufuna kukweza chidebe. Denga litadontha pakona, amuna anga anakwera ndi makwerero aafupi n'kukonza tsiku lomwelo. Ngakhale ine ndemwe, mawondo anayamba kale kundiuza kuti nyumbayi sitinamangire amayi okha.

Kwa amuna anga: nyumba yosanja ija inali thukuta lanu la zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene munkainyadira. Tsiku limene ndinakuuzani zimene amayi ananena, simunafunse kuti bwanji asapite kwa ana awo ena. Munangoti, “Tiyeni tiyambe kufunafuna malo.” Apongozi anu amakutchulani m'pemphero usiku uliwonse, ndimawamva kudzera pakhoma.

Ana anga, munasiya zipinda zanu zazikulu, munapirira miyezi 8 yopanda pabalaza, munkasinthana kutaya chidebe cha agogo anu osakwinya nkhope. Ndinkakuonani. Achemwali ndi azing'ono anga, munagawana masabata ogona kuchipatala, ndipo pamene ndalama za denga zinatithera nyumba ili pa mtanda, munasonkha mwakachetechete osadikira kuti ndipemphe. Anzanga a kuntchito amene munkagwira ntchito yanga ndikakhala kuchipatala, namwino wa usiku amene munkawatembenuza amayi maola awiri alionse kuti asachite zilonda, anyamata amene munanyamula katundu tsiku losamuka n'kukana kulandira kanthu, banja limene linagula nyumba yathu yakale n'kutilola kukhalamo miyezi ina itatu mpaka yatsopanoyi itatha: nonsenu zikomo kwambiri. Ngati pali amene ndamudumpha, mundikhululukire, mutu unali wodzaza masiku amenewo.

Ndipo inu amayi, ndikudziwa kuti mdzukulu wanu akuwerengerani zimenezi madzulo ano. Zikomo chifukwa chovomera kuimirira tsiku lachiwiri chichitireni opaleshoni, misozi ikutsika. Zikomo chifukwa cha masewera a mwendo aja amene munkadana nawo koma osawadumpha. Tsiku limene tinalowa muno munakana njinga, munati mulowa ndi miyendo yanu, ndipo munayenda pang'onopang'ono kuchokera pageti, kudutsa pa kanjira kotsetsereka kaja, mpaka kuchipinda kwanu. Mutafika munatseka chitseko, ife tonse tili panja. Tinaima mukolido osayankhula, tikumva mukutsegula madzi m'bafa lanu.