Ndatsiriza digiri, ndipo ndili ndi anthu oti ndiwathokoze

Dzulo dzina langa linatuluka pa mndandanda wa omwe akhoza digiri ya zolembalemba. Usiku tulo tinandivuta, ndimangowerenga m'mutu anthu amene anandinyamula zaka zinayi zimenezi, ndipo ndaona kuti kuwathokoza kumbali sikungakwanire.

Ndiyambe ndi inu aphunzitsi anga a nkhani zopeka. Nkhani yanga yoyamba inali ya masamba 11. Munandibwezera mutakhwatcha masamba anayi oyambirira ndi cholembera chofiira, n'kulemba pamwamba pa tsamba lachisanu kuti nkhani ikuyambira pamenepo. Zinandiwawa, sindibisa. M'masamba amenewo ndinali nditayala mbiri yonse ya mpangankhani wamkulu, pomwe inu munkafuna kuti timuone akuchita kanthu, tidziwe tokha kuti ndi munthu wotani. Munandiphunzitsa kusankha wofotokoza nkhani n'kumumamatira: ngati akusimba ndi "ine", ineyo sangadziwe za mumtima mwa mnzake. Munandizoloweretsanso kuwerenga mokweza zoyankhula za ampangankhani, kuti khutu ligwire pomwe munthu wayamba kuyankhula ngati buku.

Anzanga a m'kalasi, zikomo kwambiri. Tinkakhala mozungulira tebulo, aliyense atagwira nkhani ya mmodzi wa ife, mwini wake ali duu, osaloledwa kudziikira kumbuyo mpaka onse atamaliza. Njira imeneyi inatchuka ndi Iowa Writers' Workshop, sukulu ya alembi ya ku America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1936, ndipo kuwawa kwake umakudziwa tsiku lako likafika. Koma ndi pa tebulo lomwelo pomwe ndinaona anthu 7 atasokonezeka pa ndime imodzimodzi, ndime yomwe ine ndinkaiona ngati yomveka bwino. Ndikanaloledwa kuyankha, bwenzi nditaifotokozera pakamwa n'kuisiya chomwecho.

Chaka chachitatu bambo anga anatisiya. Miyezi iwiri inadutsa, chomwe ndinalemba ndi kalata yosiya sukulu basi. Inu aphunzitsi a nkhani zoona munaiwerenga, n'kundiuza kuti ndiisunge kaye m'thumba. Munandionjezera nthawi, kenaka munandifunsa ngati ndingakwanitse kulemba za bambowo monga ntchito yanga yotsiriza.

Apa m'pamene ndinadziwira kuti nkhani yoona ndi yovuta kuposa yopeka. Zida zake n'zomwezo, koma suloledwa kuonjezera ngakhale kamtambo komwe kunalibe. Mawu aliwonse amene ndinaika m'kamwa mwa bambo munkawalemba mzere kunsi, n'kundifunsa kuti, "Unawamva wekha, kapena anakuuza ndani?" Ena ndinapeza kuti ndinangowaganizira, ndipo anachoka. Ndinali nditalembanso kuti tsiku lomwe anatuluka komaliza m'chipatala kunkagwa mvula. Mpaka lero mvulayo ndimaiona m'maso.

Amayi, ndinu amene munandiuza kuti tsiku limenelo kunali dzuwa loswa mtengo, moti munawaphimba kumutu ndi jekete yawo podikira galimoto. Munakhala nane madzulo atatu, foni ikujambula mawu, mukukumba zinthu zimene mukanakonda zitakhala zokwiririka. Pena munkangoti zii, nthawi yaitali ndithu, ndipo ndikamamvetsera pano, malo a chete amenewo ndi omwe amandigwetsa misozi. Mvula ija ndinaichotsa, jekete ndinailowetsa. Mutandipempha kuti nkhani ina ya m'banja mwathu isalowemo, ndinaichotsanso, ngakhale inali ndime yomwe ndinaikhetsera thukuta koposa. Munali ndi ufulu wonse, popeza moyo umene ndinkalembawo ndi wanunso.

Achimwene, laputopu yanu munandibwereka kwa sabata imodzi, yatha zaka ziwiri ili kwa ine, ndipo simunaitanitse ngakhale tsiku limodzi. Ambuye akudalitseni.

Ndasindikiza makope awiri a nkhani ya bambo ija. Lina latsala ku yunivesite, lina ndi lanu, Amayi. Ndibwera nalo Loweruka, ndidzakuwerengerani mokweza kuyambira tsamba loyamba, ndipo pomwe ndalakwitsabe mudzandiimitse.