Nyimbo ija yandisiyira ngongole ya vitumbuwa

Ine ntchito yanga ndi ya njinga, kunyamula anthu pa Kapata kupita ku Down Shops, ku Mchini, kulikonse bola ndalama ioneke. Ndiye pali mtsikana wina wogulitsa vitumbuwa pamsika, mmawa ndimamunyamula ndi baketi yake osamulipiritsa, iye nkumandipatsa vitumbuwa viwiri votentha papepala la nyuzi, mafuta mpaka kutulukira kuseri. Koma zoti ndimuuze za mumtima ayi ndithu, ndikangoti sisi, pakamwa gwa.

Pa babashopu ya mnzanga pankalira kanyimbo kena tsiku lonse, woimbayo akudandaula kuti sagona, nsima siimukomera, akangomuona mkaziyo miyendo zii. Ndinati basi uyu wandiyankhulira. Ndinagula talk time ya K5 nkutumiza meseji ku wayilesi kuti amuikire nyimbo imeneyi, dzina lake ndi langa zonse ndinalemba, mpaka kuwonjezera kuti mawu onse a munyimbomu achokera mumtima mwanga.

Tsono pa babashopu makina ometera salekeza phokoso, ine ndimangomva kolasi basi. Oimba athuwa nawonso sindiwamvetsa, munthu wayamba bwinobwino kufunsira, kufika vesi yachiwiri wasanduka wapolisi. Nyimbo ija itafika pakati mkulu uja anayamba kumufunsa mkaziyo ngati akumukonda iyeyo kapena thumba lake, ati umangofuna lifiti yaulere, ukaona mwezi watha ndiye umamwetulira. Lifiti yaulere! Ine ndili pa stesheni yathu ndi anzanga tazungulira foni, onse gwedegwede ndi phwete, wina mpaka anagwetsa njinga. Ndipo kumsika azakhali a mtsikana uja ogulitsa matimati amatsegula wayilesi mwakuti mzere wonse umamva.

Kutacha ndinapitabe kukamutenga, nditasamba bwinobwino. Ndinapeza azakhali aja aima pageti chitenje chili mchiuno, mmanja kope la sukulu.

"Achimwene, mwana wathu sakwera zaulere. Tawerengera maulendo onse, ndalama yanu ndi iyi."

Anandithira makoini mmanja, ena kugwera mufumbi. Ndikuti ndifotokoze za vesi yachiwiri ija iwo atembenuza kale tsamba.

"Tsopano tiwerenge vitumbuwa. Viwiri tsiku lililonse, Loweruka mumatenga vitatu, tsiku lina munanyamulira ndi mnzanu."

Zonse zinalembedwa anthu inu, ndi madeti omwe, kuyambira sabata ya Nc'wala mu February muja. Atachotsera, makoini aja anabwerera komweko ndipo ine ndi amene ndinatsala ndi ngongole ya K40. Mwini wake anali chapatali akupukuta chivindikiro cha baketi, osandiyang'ana nkomwe, kenako anakodola mnzanga yemwe anagwetsa njinga uja nkukwera.

K15 ndapereka kale. Yotsalayo azakhali ati Lachisanu, ndipo akudziwa pomwe ndimaimika njinga.